Chipata Chomwe Chinkatseguka Magetsi Akabwera

Ana anga, kusukulu akakufunsani ntchito ya bambo wanu munkayankha kuti amakonza makompyuta, ngati mmene munthu anganenere kuti amakhoma zidebe. Sindinakukonzeni nthawi imeneyo chifukwa ndinkafika kunyumba nditatopa. Tsopano ndapuma, nthawi ndili nayo yambiri moti amayi anu amandipatsa mtedza woti ndisende kuti ndisawayankhulitse. Ndiye ndilembe. Ntchito yanga inali ya ulonda. Ndinkalondera chipata chomwe palibe anachionapo ndi maso, ndipo ndinachitseka bwinobwino kamodzi kokha. Ndikufuna mudziwe za tsiku limenelo, koma muyambe mwapirira ndi njira yofikira kumeneko.

Chaka chomwe ndinabwerako ku koleji

Ku koleji ku Blantyre ndinakhalako chaka chimodzi ndi kachidutswa. Abale ena amafalitsa kuti ndinachotsedwa. Zoona zake n'zakuti ine ndi masamu tinakhala pansi, tinaona kuti banja silikuyenda, tinasiyana mwamtendere popanda kuvutitsa ankhoswe. Ndinabwerera kuno ku Mchinji ndi sutikesi ndi dzina lakuti Injiniya, lomwe anthu anandipatsa monyoza koma linandikhala mpaka lero. Ngakhale bambo mfumu wa parishi yathu amandiitana choncho.

Ntchito yoyamba ndinaipeza m'malire, pa kaofesi ka munthu wina wothandiza madalaivala a malole kulemba mapepala a katundu. Anandilemba kuti ndizisesa ndi kusintha maliboni a mataipi. Patapita zaka, makompyuta anafika, ndipo panalibe wolimba mtima kuwatsegula kumbuyo. Abwana anati, "Paja ameneyu anapondako ku koleji." Umu ndi mmene ndinakhalira katswiri: ndinali ndi sikuludilaiva. Makinawo ankadwala mavairasi ngati ana m'nyengo ya dzinja, poti dalaivala aliyense ankabwera ndi kafulashi kake kodzaza nyimbo ndi matenda. Tsiku lina mbale wina wophunzira za unsembe ku Kachebere anandipatsa chimbale nati, "A Injiniya, iyi ndi Linux. Ndi yaulere, palibe adzakufunseni laisensi, ndipo mutha kuing'amba m'mimba n'kuona mmene anaipangira." Ine chinthu chaulere sindinachikanepo, ngakhale chimfine.

Apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Linux imabadwa ndi mlonda wake m'kati, amamutcha fayawolo. Uthenga uliwonse wolowa kapena wodutsa pa kompyutayo umayamba waima pamaso pake. Iwe mwini makina umamupatsa malamulo kudzera pa chida chotchedwa iptables: uyu adutse, uyu ayi. Koma pa makina omwe ine ndinkagwiritsa ntchito, mlondayu ankabwera ndi lamulo limodzi lokha, lakuti aliyense adutse. Yunifolomu wavala, chibonga ali nacho, wangoima pachipata n'kumalonjera alendo ndi akuba omwe. Chinanso, malamulo ukamupatsa amawasunga m'mutu basi. Makina akazima n'kuyakanso, amadzuka ataiwala zonse, wabwerera ku chibadwa chake chololera, pokhapokha utamulamula mwapadera kuti awalembe pansi. Pa anzanga onse a pantchito, ameneyu ndiye tinkafanana mtima.

Chaka chomwe mwana wanga Tadala anabadwa

Ndinasamukira ku esiteti ina ya fodya kufupi ndi malire. Dzina lake sindilitchula chifukwa eni ake akadali moyo ndipo ali ndi maloya. Manijala anali a Chimbalanga, bambo wamtima wabwino amene ankakhulupirira kuti kompyuta imakwiya ikamva kutukwana, choncho muofesi tinkayankhulana ngati tili m'kachisi. Tsiku loyamba anafuna pasiwedi ya root, yomwe ndi kiyi wamkulu wotsegula chilichonse m'makinamo. Ndinawafotokozera kuti kiyi ameneyu amasunga munthu mmodzi, ena onse amapatsidwa chilolezo cha chipinda chawo chokha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anavomereza kuti ndi nzeru zakuya, kenako anailemba ndi choko pachitseko kuti asaiiwale.

Zosowa zinali zambiri, koma chimodzi ndicho chili ndi ntchito m'nkhani ino. Kabokosi kosunga moto magetsi akathima kanafa batire m'chaka changa chachiwiri. Ndinapempha batire lina ku likulu ku Lilongwe. Likadzafika pamaliro anga, mudzalilandire m'malo mwanga ndipo mudzathokoze. Jenereta inalipo, koma inali ya mpope wa madzi, osati ya ife. Choncho magetsi akangothima, makina onse a muofesi ankagwa nthawi yomweyo.

Netiweki ya foni ya kwathu sinkafika kumeneko. Yomwe inkafika ndi ya ku Zambia, yomwe inkakulonjera mwaulemu kuti takulandirani m'dziko lathu, iwe uli m'chimbudzi chako ku Malawi, kenako n'kukudyera mayunitsi onse. Eni esiteti anaika mbale ya intaneti padenga la ofesi, ndipo ine ndinatenga kompyuta imodzi yokalamba n'kuisandutsa chipata, kuti intaneti yonse izidutsa mwa iyo isanafike kwa ena. Lamulo logawa intanetilo ndinalilemba pansi bwinobwino kuti makina akamadzuka aziyamba nalo. Lotseka sindinalembe, poti nthawi imeneyo panalibe womutsekera.

Chaka chomwe Tadala anasankhidwa kupita ku sekondale

Matenanti athu ambiri anali ochokera ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ankabwera pa lole mvula isanagwe, n'kubwerera pa lole fodya akagulitsidwa, ndipo pakati ponsepo za kwawo ankangozimva m'maloto. Kenako mafoni okhudza ndi chala anatchipa m'misika ya m'malire, ena anagula, ndipo anatulukira kuti ukakhala pansi pa chigafa chakale chomwe chinali kuseri kwa ofesi, waifayi imakupeza. Pasiwedi ya waifayiyo sinkatha sabata. Alonda ankauza ophika tiyi, ophika tiyi ankauza mlamu wawo, mlamuyo ndiye anali wa kwaya. Kuno kwathu munthu akabwera kudzapala moto sumufunsa kuti akukaphika chiyani, ndipo anthu anaona kuti pasiwedi ndi moto. Ndikaisintha m'mawa, madzulo ana a m'komboni ankaiimba posewera fulaye.

Likulu linadandaula kuti intaneti ikutha msanga. A Chimbalanga anandiitana, nkhope ili ngati akulengeza maliro. "Injiniya, akuti titseke." Ndinapatsa mlonda uja malamulo: makina a muofesi ndi mafoni a ife a muofesi adutse, ena onse ayi. Koma sindinawasunge. Musaganize kuti unali mtima wachifundo. Ndi mwambo wa ntchito yathu kuti malamulo atsopano a fayawolo susunga tsiku lomwelo, chifukwa ukalakwitsa mzere umodzi umadzitsekera kunja wekha, ndipo chokupulumutsa n'kuzimitsa makina kuti mlonda aiwale. Masana a tsiku lomwelo magetsi anathima. Atabwera, mlonda anadzuka wosalakwa ngati khanda n'kutsegulira dziko lonse. Ine ndinali ndikumwa tiyi. Pomwe ndinkamaliza tiyiyo kuti ndikabwerezenso malamulo, anthu a pachigafa anali ataphunzira kale phunziro lomwe sindinawaphunzitse.

Kuyambira pamenepo pa esiteti panabadwa mwambo. Magetsi akathima, anthu ankatchera khutu. Chigayo chikangolira, kusonyeza kuti abwera, aliyense amene kapitawo sakumuona ankathamangira kuchigafa, foni m'mwamba. M'dziko lonse la Malawi ndi pa esiteti pathu pokha pomwe magetsi akathima amayi ankalulutira. Ndipo tiyi wanga anayamba kutalika. Ndinagula kapu yaikulu. A Chimbalanga ankadziwa, koma nthawi ya tiyi wanga ankapita kukayendera fodya.

Mwa anthu othamangawo munali mayi Nasiyaya, mkazi wa tenanti wina wa ku Phalombe. Foni analibe, ankabwereka ya Yohane, tenanti mnzawo woyandikana nyumba. Tsiku lina anafika pawindo langa.

"Odi, bambo a Injiniya. Akuti ndi inu mumatsegula mphepoyi?"

"Ine sinditsegula, mayi. Ndimangochedwa kutseka."

"Ndiye muzichedwa ndithu. Mulungu akuonjezereni ulesi."

Ndadalitsidwapo ndi anthu ambiri m'moyo, koma dalitso lomwe linagwira ndi limeneli. Chomwe anadzera n'chakuti ndiwaonetse podina akafuna kutumiza uthenga wa mawu, poti kulemba sankatha. Mwana wawo Lameki anali ku Joni. Anathawa pa esiteti pakati pa nyengo ya fodya, munda uli wosapalira, ndipo bambo ake anamuuza kuti akapita asadzapondenso pakhomo. Kumeneko ankatsuka magalimoto, foni analibenso, ankabwereka ya mnzake wa pantchito. Choncho mayi ndi mwana ankalankhulana kudzera pa mafoni awiri a eni ake ndi pa tiyi wanga.

Anandiyatsira uthenga umodzi wa Lameki kuti ndimve. Mnyamatayo ankanena mawu atatu n'kutsokomola, mawu awiri n'kutsokomola.

"Mwamumva? Chifuwa chimenecho si cha kuzizira ayi. Ndikufuna abwere ndidzamuone ndi maso anga."

"Nanga akukana?"

"Akuopa bambo ake. Akuti, amayi, tsiku lomwe mudzasiye kuyankha ndidzadziwa kuti ababa akuletsani, ndipo sindidzakuvutitsaninso. Ndiye ine sindiphonya. Bambo akewo ndikuwaphika pang'onopang'ono ngati nyemba. Kale ndikatchula dzina la mwanayo ankatuluka panja. Tsopano amangotembenukira kukhoma."

Ndinawauza kuti kumeneko n'kupita patsogolo kwakukulu, kuposa komwe ofesi yathu inapitako chaka chonsecho.

Chaka chomwe a Chimbalanga anapuma

M'malo mwawo munabwera a Zgambo, ochokera kumpoto, munthu wachete ndi wolongosoka. Tsiku loyamba anafufuta pasiwedi ija pachitseko ndi mpango wawo, ndipo ine ndinawakonda. Ndikunena izi kuti musawayese mdani m'nkhani ino. Kukanakhala kuti anali munthu woipa, bwenzi ndikugona bwino.

Inali nyengo yogulitsa fodya. Lole isananyamuke, tinkayenera kutumiza manambala a mabelo ku likulu kuti akatisungire malo kumsika. Tsiku lina magetsi anathima m'mawa, atabwera chigafa chinadzaza, ndipo intaneti inatsamwa. Manambala sanapite pa nthawi yake, malo athu anapatsidwa kwa ena, ndipo lole inakagona panjira ndi fodya wake. M'mawa mwake a Zgambo anaima pawindo langa, manja kumbuyo.

"A Injiniya, n'chifukwa chiyani anthu awa amasonkhana magetsi akangobwera?"

"Amakonda kuwala, bwana."

"Masana?"

Ndinayang'ana m'kapu. "Makinawa akazima amaiwala malamulo, bwana."

"Palibe njira yoti asamaiwale?"

"Ilipo."

"Ndi yaitali?"

"Mzere umodzi."

"Nthawi yonseyi, mzere umodzi?"

"Ndimalemba pang'onopang'ono, bwana."

Sanaseke, komanso sanakalipe. Analowa, anakoka mpando n'kukhala. Anati fodya amene wagona panjirayo ndi wa anthu omwewo a pachigafa, ndipo akachita nkhungu olira ndi iwo, osati eni esiteti. Anatinso likulu lanena kuti zikachitikanso atumiza kampani ya ku Lilongwe izidzayang'anira makina, ndipo mpando wanga uchotsedwa.

Ndinapempha kuti foni imodzi yokha izidutsa. Ndinawauza za mayi Nasiyaya, za chifuwa, za bambo wotembenukira kukhoma.

"Foniyo ndi yawo?"

"Ndi ya Yohane."

"Ndiye mlonda wanuyo azidziwa bwanji kuti wagwira foni ndi mayiwo?"

"Sadziwa munthu, bwana. Amadziwa foni."

"Mukatsegulira Yohane, mawa Yohane azigawira komboni yonse kuchokera pa foni yakeyo, ndipo tabwerera pomwe tinali. Nanga ena onsewo mukawauza chiyani? Kuti ana awo sakutsokomola mokwanira?"

Funso limenelo ndikulisendabe mpaka lero pakhonde pano pamodzi ndi mtedza. Tadala, iwe unali folomu folo. Penshoni yanga inali ikuonekera patali ngati phiri la Mchinji. Ndinakoka kiyibodi n'kulemba mzere uja, abwana ali kumbuyo kwanga. Ukafuna kufufuta kachithunzi kachabechabe, kompyuta imakufunsa kawiri ngati watsimikiza. Apa sinafunse kanthu. Inangovomera.

Pali chinthu china choti mudziwe. Mlondayu amakana m'njira ziwiri. Atha kuuza wogogodayo kuti pano palibe njira, bwererani. Athanso kungokhala chete, wogogodayo n'kumagogodabe. Mabuku a ntchito yathu amalangiza njira yachiwiriyi, kuti wakuba asadziwe ngati m'nyumbamo muli munthu. Ine ndinatsata mabuku. Kutanthauza kuti foni ya munthu inkaonetsa kuti yagwira waifayi bwinobwino, koma uthenga n'kumangozungulira pamalo amodzi.

Ndinaganiza kuti magetsi athima mawa lake, anthu adzionere okha, ine ndisalankhule. Koma magetsi omwe anandizunza moyo wanga wonse anasankha nthawi imeneyo kutembenuka mtima. Masabata anadutsa osathima. Mayi Nasiyaya ankadutsa pawindo popita kudambo.

"Sakuthima masiku ano, a Injiniya?"

"Sakuthima, mayi."

"Tiwapempherere. Mwana uja aziti ndamutaya."

Ndinkati mawa ndiwauza, koma pakamwa panga pankatsatanso mabuku omwe aja.

Tsiku lomwe anathima kunali kotentha. Nthungululu zinamveka kuchokera kukomboni. Chigayo chitalira ndinamva mapazi akudutsa kuseri kwa ofesi. Mlonda wanga anadzuka akukumbukira zonse. Pa sikirini panayamba kutsika mizere, mzere uliwonse foni ya munthu yomwe yagogoda n'kusayankhidwa. Pawindo ndinkaona anthu akukweza mafoni, akusuntha malo, wina anakwera pa mtanda wa chigafa. Palibe anachoka. Ankati mwina lero ikungochedwa. Dzuwa litapendeka ndinatuluka.

"Abale anga, chipata chija chatsekedwa. Sichidzatsegukanso, magetsi athime asathime."

Kunabuka phokoso. Wina anati ndagulidwa. Wina anati Injiniya wake uti, wa zidebe ameneyu. Sindinatsutse, poti mfundo zina zinali zomveka. Anthu anayamba kubalalika, koma mayi Nasiyaya anakhalabe pansi, foni ya Yohane ili pamiyendo.

"Ndiye tiyi uja mwamaliza?"

"Ndamaliza, mayi."

"Liti?"

Ndinawauza zoona, kuti papita masabata. Sanandikalipire. Anangowerenga ndi zala, ndipo ndinadziwa kuti sakuwerenga zanga koma za mwana wawo.

"Foni yanga imadutsa," ndinatero. "Muzibwera kuofesi, muzilankhulira pa yanga."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ine, mkazi wa mwini, ndizilowa ndekha muofesi ya mwamuna n'kumagwira foni yake? Pagulu paja ndinali mmodzi wa anthu. Ndekha ndikhala nkhani. Bambo ake a Lameki akamva, nyemba zanga zija zatayikira pamoto."

Komabe anavomera kamodzi kokha, pomwepo pachigafa, Yohane ndi mkazi wake ali mboni. Yohane anandiwerengera nambala ya ku Joni ija, ine ndinadina, mayiwo anagwira foni yanga ndi manja awiri.

"Lameki, ndine mayi ako. Iyi ndi foni ya bambo a ku ofesi, usadabwe. Sindinakhale chete dala, mwana wanga, ndi magetsi sanathime. Palibe wandiletsa. Dzana abambo ako anafunsa okha kuti basi yochokera kumeneko imafika tsiku lanji. Wamva? Anafunsa okha. Usagule kanthu, ungobwera."

Uthengawo unanyamuka, pambali pake panaoneka kachizindikiro kamodzi. Ndinawafotokozera kuti kamodzi ndiye kuti wachoka kuno, tiwiri ndiye kuti wafika kwa mwini wake.

"Ndiye kachiwiriko kabwera liti?"

"Foni ya uko ikayaka, mayi."

Sikanabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Loweruka ndinatenga foni ya Yohane pa njinga mpaka paboma, pomwe pali netiweki, kuti mauthenga onse odikira alowe. Analowa awiri a Lameki, a m'sabata yoyamba ija. Woyamba ankafunsa ngati amayi ali bwino. Wachiwiri unali waufupi: anati wamva, sakudandaula, ndipo mnzake wa foni uja akusamukira mzinda wina. Ndinaimba nambalayo ndi mayunitsi anga. Sinalowe. Ndinaimbanso masiku ena ambiri, mpaka tsiku lina inayankhidwa ndi mayi wolankhula chinenero chomwe sindichidziwa, ndipo atamva dzina la Lameki anadula.

Manambala a mabelo sanachedwenso chaka chimenecho. Fodya anagulitsidwa, a Zgambo anandiyamikira pamsonkhano, mpando wanga unakhala, ndipo iwe Tadala unalemba mayeso ako.

Tsiku lomwe lole yobweza matenanti inafika, ndinapita kukaima pamsewu. Anthu ankakweza mitolo, mbuzi, njinga. Bambo ake a Lameki anali atakwera kale, atakhala chakutsogolo, akuyang'ana kumunda komwe kunatsala ziputu zokha. Mayi Nasiyaya anandiona ali pamwamba. Phokoso la injini linali lalikulu, choncho sanalankhule. Anangokweza zala ziwiri, nkhope ikufunsa. Ine ndinakweza chimodzi. Anagwedeza mutu, anakonza chitenje, anakhala pansi pakati pa matumba, ndipo lole inanyamuka.

Chaka chotsatira banja limenelo silinabwerenso pa esiteti. Chipatacho, malinga ndi amene anandilowa m'malo, sichinavutepo ngakhale tsiku limodzi.